Ndere yakuda yagwira Anubias wanga, ndithire mankhwala anji?

Mayi a Takondwa:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto ndipo ndatopa nalo. Thanki yanga ya nsomba ndi ya malita 60, ndinaiyamba miyezi isanu yapitayo. Muli zomera izi: Anubias womangirira pa chitsa, Java fern, Vallisneria kumbuyo, komanso tinsomba ta neon tetra 12 ndi ma guppy ochepa. Miyezi itatu yoyamba zonse zinali bwinobwino. Kenako ndinagula nyale yatsopano ya LED chifukwa yakale ija inkaoneka ngati ikusinza, ndiye kuchokera pamenepo zinthu zangosokonekera. M'mphepete mwa masamba a Anubias mwamera tiubweya takuda, tatifupi, tokhala ngati ndevu za munthu amene sanamete masiku anayi. Ndikati ndikoke ndi chala sitichoka, tsamba ndilo likufuna kung'ambika. Pa galasi pali timadontho tobiriwira tolimba, chinkhupule chikungotereka pamwamba. Feteleza ndinasiya kuthira milungu iwiri yapitayo chifukwa ndinamva kuti ndi amene amadyetsa ndere, koma ikungochuluka. CO2 wowonjezera, mpweya umene zomera zimafuna kuti zikule, ndilibe. Ndithire mankhwala anji?

Mkulu wa Matanki:
Mayi, tisanafike ku mankhwala ndifunseko pang'ono. Nyale ikuyaka maola angati pa tsiku? Thankiyo ili pafupi ndi zenera? Madzi mumasintha kangati, ndipo ochuluka bwanji?

Mayi a Takondwa:
Ndimayatsa 7 koloko m'mawa ndikamazidyetsa, ndimazimitsa 9 koloko usiku ndikamapita kogona. Zenera lili pambali, dzuwa limagundako pang'ono masana. Madzi ndimasintha kamodzi pa mwezi, mwina chidebe chimodzi.

Mkulu wa Matanki:
Ndiye maola 14 amenewo, kuwonjezera dzuwa. Vuto lanu lili pamenepo, ndipo palibe botolo lililonse limene lingalithetse nyale ikuyakabe chonchi.

Taganizirani zomera zimene muli nazo. Anubias ndi Java fern zimakula mochedwa kwambiri. Anubias akatulutsa tsamba limodzi pa milungu itatu kapena inayi wayesetsa. Kwawo amamera pa miyala ndi pa zitsa m'mitsinje ya m'nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, mumthunzi. Inu mwamuwalitsira nyale yamphamvu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kuwala kukuuza chomera kuti chikule msanga, koma chomeracho chilibe CO2 wokwanira, ndipo tsopano mwachilanda ndi feteleza yemwe. Chayima. Tsamba loyima, lokalamba, lowalidwa tsiku lonse, ndiwo malo amene ndere imakonda kukhazikika.

Yambani ndi izi: nyale maola 6 okha, pa taima kuti musamadalire kukumbukira. Ngati nyaleyo ili ndi pochepetsera mphamvu, itsitseni mpaka theka. Mbali ya zenera itchingeni ndi pepala lakuda kapena katani.

Kondwani:
Kkkk ndevu za masiku anayi! Mayi mwafotokoza bwino moti ndaziona. Ine ndingoti gulani pleco, nsomba yodya ndere ija, ameneyo amapukuta chilichonse.

Nabanda:
Ayi achimwene, musawalowetse m'mavuto ena mayiwa. Pleco wamba amene amagulitsidwa ali kakang'ono ngati chala uja amakula kupitirira masentimita 30. Mu malita 60 sangakhalemo. Ndipo ndere yakudayi sakhudza n'komwe, angowonjezera ndowe. Ndowe zake n'zambiri zedi, amene anasungapo akudziwa.

Kondwani:
Ndagonja achemwali. Wanga alidi ngati mkono tsopano, ndipo ndikusowa kom'pititsa.

Yamikani:
Chimene muli nacho pa Anubias chija chimatchedwa black beard algae, ambiri amangoti BBA. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale imaoneka yakuda, ili m'gulu la ndere zofiira. Mukadula katsamba n'kukaviika mu spirit muona ikusintha kukhala yofiirira. Timadontho ta pa galasi tija ndi green spot algae, ndi mtundu wina, ndipo chochita chake n'china.

Kwa ine BBA imabwera CO2 akamakwera ndi kutsika mosakhazikika, komanso fyuluta ikadzaza ndi zinyalala. Njira yeniyeni ndi kuika CO2 wa silinda. Mumayatsa ola limodzi kapena awiri nyale isanayake, mumazimitsa ola limodzi nyale isanazime, mumaika drop checker, kambiya kagalasi kokhala ndi madzi osintha mtundu, kuti muzidziwa pamene muli. Ikakhala yobiriwira ndiye kuti CO2 ali cha pa 30 ppm (muyeso wa kuchuluka kwa chinthu m'madzi), ikakhala yabuluu CO2 wachepa, ikafika pachikasu nsomba zili pangozi. Zomera zikayamba kuthamanga ndere imasowa pogwira.

Nabanda:
A Yamikani, inu chilichonse yankho lake ndi silinda. Munthu akadzati nsomba yake yadumphira kunja mudzatinso aike CO2. Mayiwa ali ndi Anubias, Java fern ndi Vallisneria. Zomera zitatu zimenezi zimakula bwinobwino popanda CO2 wowonjezera. Ine thanki yanga yakwanitsa zaka zinayi ilibe silinda, ndipo galasi ndimapukuta kamodzi pa mwezi. Kuwauza munthu amene akuvutika kale kuti awonjezere chida china chofunika kuchisamala tsiku ndi tsiku ndiko kumusokoneza. Komanso CO2 woikidwa mwachisawawa ndi amene amabweretsa BBA yomweyo, mwanena nokha.

Yamikani:
Pamenepo sindikutsutsani. Kuli bwino kusaika n'komwe kusiyana ndi kuika wosakhazikika. Ine ndinayambira wa m'botolo uja wa shuga ndi yisiti. Masiku atatu oyamba ankatuluka ngati wapenga, pofika tsiku la khumi watha mphamvu, kukazizira usiku amaima. BBA inadzaza mpaka pa paipi ya fyuluta. Ndiye inde, ngati nyale atsitsa, CO2 safunika. Koma asankhe chimodzi: nyale yamphamvu ndi CO2, kapena nyale yofatsa popanda CO2. Nyale yamphamvu popanda CO2 ndi imene ali nayo panopa, ndipo zotsatira zake aziona.

Mayi a Takondwa:
Zikomo nonse. Silinda sindingakwanitse panopa, ndiye ndipita ndi nyale yofatsa. Koma maola 6 akundidetsa nkhawa. Ndimachoka m'mawa, ndimabwera madzulo. Ndiye kuti nsomba zanga ndizizionera mumdima?

Nabanda:
Ayi mayi, nsomba sizidziwa wotchi yanu. Ikani taima kuti iziyatsa 3 koloko masana mpaka 9 koloko usiku, mukafika kunyumba mudzapeza kukuwala. Kapena gawani pawiri, maola atatu m'mawa, masana izizima, maola atatu madzulo. Njira yopumitsa nyale masanayi Diana Walstad, wolemba buku la matanki a zomera, amaikonda pa matanki opanda CO2. Ganizo lake n'lakuti zomera zimamaliza CO2 wa m'madzi m'maola oyamba nyale ikayaka, ndiye ikazima kwa kanthawi, kupuma kwa nsomba ndi mabakiteriya kumam'bwezeretsa, nyale ikayakanso zomera zimapeza chodya. Ine ndimachita choncho, ndipo ubwino wina ndi womwewo, ndimaziona m'mawa ndi madzulo.

Mkulu wa Matanki:
Ndibwerere ku nkhani ya feteleza, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Mayi, bwererani kukathira.

Ndere imakhutira ndi zochepa kwambiri. Mukaleka feteleza, woyamba kufa ndi njala ndi Vallisneria wanu, ndere idzakhala ikudyabe tizinyenyeswa totsala. Ndipo chomera chikayamba kufooka masamba ake amawola, amatulutsa zimene anasunga, ndere n'kudya zomwezo. Mumakhala mwaiphikira.

Kale tonse tinkakhulupirira kuti phosphate ndi nitrate, zakudya za zomera zopezeka mu feteleza, ndi adani, tinkagula zochotsera phosphate n'kuika mu fyuluta. Kenako Tom Barr, katswiri wa zomera za m'matanki, anabwera ndi njira imene amaitcha Estimative Index: kuthira feteleza wochuluka dala kuti chomera chisasowe kanthu, kenako kusintha theka la madzi mlungu uliwonse kuti zotsala zisaunjikane. Anthu anayesa, ndipo matanki odzaza ndi zomera sanadzaze ndi ndere monga tinkaopera. Sindikunena kuti inu muthire mulingo umenewo, njira imeneyo ndi ya matanki a CO2 ndi nyale yamphamvu. Kwa inu theka la mulingo wolembedwa pa botolo, kamodzi kapena kawiri pa mlungu, n'lokwanira. Ndikungofuna muchotse maganizo akuti feteleza ndiye mfiti.

Ndipo timadontho tanu ta pa galasi tija, kwa ine timachuluka phosphate akachepa kwambiri pamene nyale ili yamphamvu. Ndinaziona kangapo: ndikawonjezera phosphate pang'ono, tatsopano timasiya kutuluka.

Chisomo:
Bambo, pamenepa ndili ndi funso. Ngati feteleza sayambitsa ndere, bwanji nyanja ndi maiwe zimabiriwira feteleza wa m'minda akakokolokeramo? Si zomwezo?

Mkulu wa Matanki:
Funso labwino. M'dziwe muli dzuwa lathunthu, madzi ambiri, zomera zochepa, ndiye chakudya chikalowa wochilandira ndi ndere basi. Thanki imene ili ndi tizomera tiwiri ndi nyale yamphamvu ikufanana ndi dziwe limenelo, mukathira feteleza wambiri idzabiriwiradi. Zimene ndanena zimagwira ntchito pamene zomera zili zambiri ndipo zikukula. N'chifukwa chake ndikufuna kuwauzanso mayiwa kuti awonjezere zomera zothamanga. Muli ndi zochedwa zambiri.

Nabanda:
Eetu, apo ndiye mwanena. Mayi, pezani hornwort kapena Limnophila sessiliflora, kapena water sprite. Hornwort safuna n'kubzalidwa komwe, alibe mizu, mumangom'ponya m'madzi. Koma zimene ndimadalira kwambiri ine ndi zoyandama, monga Salvinia ndi Amazon frogbit. Masamba ake ali pamwamba, ndiye zimatenga CO2 mumpweya, sizilimbirana ndi aliyense. Zimakula msanga, zimayamwa zotsala m'madzi, ndipo zimachititsa mthunzi pa Anubias wanu. Mungoonetsetsa kuti zisatseke pamwamba ponse, muzichotsako dzanja limodzi mlungu uliwonse.

Frogbit alinso ndi ubwino wina, amakuuzani za madzi anu. Popeza sasowa kuwala kapena CO2, masamba ake atsopano akayamba kutuwa kapena kuchita chikasu, dziwani kuti chasowa ndi chakudya.

Duckweed yekha, kachomera koyandama ka timasamba ting'onoting'ono, musalole kuti alowe. Kamodzi kokha kakalowa simudzakachotsanso.

Kondwani:
Zoona zimenezo. Ine anabwera ndi zomera zina, timasamba titatu tokha. Pano ndikaviika mkono mu thanki umatuluka utavala malaya obiriwira.

Mayi a Takondwa:
Kkkk ndamva. Nanga ndevu zimene zamera kalezi? Zichoka zokha nyale ndikatsitsa?

Yamikani:
Sizichoka zokha, mwina pakapita nthawi yaitali kwambiri. Kutsitsa nyale kumangoletsa zatsopano. Zakalezo muyenera kuzipha kapena kuzidula.

Masamba amene agwidwa kwambiri, dulani pa tsinde la tsambalo ndi sizasi, musawamvere chisoni. Tsamba la Anubias lodzaza ndi BBA silidzabwereranso kukongola kwake. Bola musadule mpaka kumusiya wopanda tsamba, ndipo musakhudze tsinde lokwawa lija limene masamba ndi mizu zimatulukapo.

Otsalawo, popeza Anubias wanu ali pa chitsa, muli ndi mwayi. Tulutsani chitsa chonse, chiikeni m'beseni, tengani hydrogen peroxide wa 3 peresenti, wotsukira zilonda uja, mupopere kapena mupake ndi kaburashi pamene pali ndevu. Muzimva kuti psss, timathovu tikutuluka. Dikirani mphindi zitatu kapena zisanu, tsukani ndi madzi, bwezerani mu thanki. Mawa lake kapena mkuja muona ndevu zija zasanduka zofiira kapena za pinki, kenako zimatuwa n'kuyamba kuyoyoka. Zikafiira ndiye kuti zafa.

Mukhozanso kuchitira mu thanki momwemo ndi sirinji, fyuluta mutazimitsa kuti madzi aime, n'kuyatsanso pakatha mphindi 15. Ine pa malita 60 sindipitirira 10 ml tsiku limodzi. Koma kunja n'kwabwino kuposa, chifukwa nsomba ndi mabakiteriya a mu fyuluta sizikhudzidwa.

Chisomo:
Nanga liquid carbon uja, wothira m'madzi m'malo mwa CO2? Ine ndinamva kuti amapha BBA.

Yamikani:
Amapha ndithu. Mankhwala ambiri ogulitsidwa ndi dzina limenelo ali ndi glutaraldehyde kapena china chofanana naye, ndipo kunena zoona amagwira ntchito ngati wopha ndere kuposa ngati wodyetsa zomera. Koma mayiwa ali ndi Vallisneria. Vallisneria ndi liquid carbon sizimvana, masamba amasungunuka ngati aphikidwa. Chomera cha Egeria nachonso chimodzimodzi. Ndiye kwa iwo ndingati asiye. Ndipo amene mukugwiritsa ntchito, musamanunkhize botolo kapena kulola kuti akudontherereni pakhungu kapena m'maso, si madzi wamba.

Nabanda:
Ine ndinataya Vallisneria yense wa kumbuyo mwanjira imeneyo. Wogulitsa anandiuza kuti ndithire kawiri mulingo wake kuti ndere ife msanga. Inafadi, pamodzi ndi khoma langa lonse lobiriwira. Patatha masiku anayi ndinkavuula masamba oterera ndi ukonde, fungo lake losaneneka. Mizu inaphukanso, koma zinanditengera miyezi itatu.

Pa galasi, mayi, musavutike ndi chinkhupule. Tengani leza yatsopano kapena khadi lakale la pulasitiki, muligoneke pang'ono, mupale kuchokera pansi kupita pamwamba. Musafike pa silikoni wa m'makona. Ngati thanki yanu si ya galasi koma ya acrylic, leza ayi, ikanda. Chitani zimenezi musanasinthe madzi, kuti zopalidwazo zituluke ndi madzi akale.

Mkulu wa Matanki:
Ndipo madziwo kamodzi pa mwezi n'kochepa pa nthawi ino. Sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu mlungu uliwonse, pa thanki yanu ndi malita 20. Paipi yokokera madzi muziyendetsa pamwamba pa mchenga, makamaka pansi pa chitsa ndi kuseri kwa Vallisneria, kumene zinyalala zimabisala. Madzi atsopano muziwathira mankhwala ochotsa klorini nthawi zonse. Fyuluta munaitsuka liti?

Mayi a Takondwa:
Pepani bambo, ndichite manyazi. Sindinaitsegulepo chiigulireni.

Mkulu wa Matanki:
Itseguleni Loweruka lino. Koma mverani bwino apa: chinkhupule cha mkati muchifinye m'madzi akale amene mwatulutsa mu thanki, m'chidebe, osati pa mpope. Simukufuna chiyere ngati chatsopano, mukungochotsa matope kuti madzi azidutsa.

Kondwani:
Apa ndiye ndilankhule ine, chifukwa ndine mboni. Chaka chatha ndinati lero ndiyeretse zonse. Ndinatsuka fyuluta pa mpope mpaka chinkhupule chinayera mbee, ndinatakasa mchenga wonse, ndinasintha madzi pafupifupi onse, n'kukhala pansi kuyamikira ntchito yanga. Patatha masiku asanu madzi anayamba kuchita chifunga. Pofika mlungu wachiwiri anali obiriwira moti nsomba ndinkaiona ikafika pagalasi penipeni, ikabwerera mmbuyo pang'ono yasowa. Ndinkasintha theka la madzi, mawa lake abwereranso momwe analili. Ndinatsala pang'ono kutaya thanki yonse.

Yamikani:
Klorini wa pa mpope anapha mabakiteriya amene amasintha ammonia, poizoni wochokera ku ndowe za nsomba ndi zowola, kukhala nitrite kenako nitrate, ndipo kutakasa mchenga kunatulutsa zowola zimene zinali pansi. Ammonia akakwera pamene nyale ili yamphamvu, green water imabwera. Imeneyo ndi ndere ya selo imodzi yoyandama m'madzi, imaswana msanga kwambiri moti kusintha madzi sikuipeza. Munaithetsa bwanji?

Kondwani:
Mnzanga anandibwereka UV sterilizer, kachida kopha ndere yoyandama m'madzi ndi kuwala. Masiku anayi okha madzi anayera ngati mulibe madzi. Ndinkangoyang'ana nsomba zanga ngati alendo.

Chisomo:
Popeza tayamba kuulula, nanenso ndithandizeni, pepani mayi a Takondwa ndalowerera nkhani yanu. Kutsogolo kwa thanki yanga, pakati pa mchenga ndi galasi, pamera chinthu chobiriwira mopita ku buluu, choterera, chimayala ngati nsalu. Ndikachikoka chimachoka chonse ngati khungu, koma masiku awiri chabwerera. Ndipo chimanunkha ngati dothi la m'dambo.

Nabanda:
Fungo limenelo ndilo chizindikiro chake. Imeneyo si ndere yeniyeni, ndi mabakiteriya, cyanobacteria. Palibe nsomba kapena nkhono imene ingakudyereni. Imakonda pamene madzi sakuyenda ndi pamene nitrate watsika mpaka pafupifupi ziro. Yezani nitrate wanu.

Chochita: kokani yonse imene mungathe ndi paipi, sinthani madzi, kenako phimbani thanki yonse ndi bulangeti lochindikala kuti kusalowe kuwala ngakhale pang'ono, masiku atatu kapena anayi. Nyale yozima, CO2 wozima ngati muli naye, fyuluta ikuyenda, ndipo muikemo kamwala kotulutsa mpweya. Musasuzumire. Nsomba zathanzi sizifa ndi njala ya masiku anayi. Mukavundukula sinthaninso madzi, ndipo kuyambira pamenepo nitrate musamulole kutsika pansi pa 10 ppm. Mulozetsenso madzi a fyuluta kuti azifika kutsogoloko.

Chisomo:
Ndayeza pompano. Mtundu wa madzi oyezera sunasinthe n'komwe, ndiye kuti ziro. Ndipo ine ndinkanyadira kuti madzi anga ndi oyera.

Mayi a Takondwa:
Musapepese a Chisomo, nanenso ndikuphunzira. Funso lomaliza: pali kanyama kamene ndingaike kuti kazindithandiza? Pleco mwandiletsa.

Yamikani:
Nsomba imene imadziwika ndi kudya BBA ndi Siamese algae eater, koma imafika masentimita 15 ndipo imasambira kwambiri, malita 60 ndi ochepa kwa iyo. Ikakula imachitanso ulesi, imadikira chakudya cha anzake. Komanso m'masitolo amaisokoneza ndi flying fox ndi Chinese algae eater. Yeniyeni mzere wake wakuda umapitirira mpaka kumapeto kwa mchira, ndipo zipsepse zake zilibe mtundu. Chinese algae eater m'thaweni, akakula amakhala wankhanza, amakakamira pathupi pa nsomba zinzake.

Pa thanki yanu ndingasankhe Amano shrimp asanu kapena asanu ndi mmodzi, tinyama ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu. Dzina lawo la sayansi ndi Caridina multidentata, koma anatchuka ndi dzina la Takashi Amano wa ku Japan, amene ankawagwiritsa ntchito kwambiri m'matanki ake. Amadya ndere ya ulusi ndi zotsala za chakudya, ndipo BBA ikafa ndi peroxide amaitola. Yamoyo sailabadira kwenikweni. Sangakudzazireni thanki chifukwa ana awo amafuna madzi amchere kuti akule. Mungosamala ndi mankhwala alionse okhala ndi copper, amawapha.

Nabanda:
Ndipo pa timadontho ta pa galasi, nkhono za nerite ziwiri. Ndi zokhazo zimene ndaziona zikupala green spot mpaka kusiya njira yoyera kumbuyo kwake. Vuto lake n'lakuti zazikazi zimaikira timazira toyera tolimba pa chitsa ndi pa miyala. Sitiswa m'madzi opanda mchere, koma timakhala pamenepo nthawi yaitali ngati wina wawaza mchenga woyera. Ena zimawanyansa, ine ndinazolowera. Ndipo muziphimba thanki, nerite imatuluka usiku kukayenda.

Kansomba ka Otocinclus ndi kabwino pa ndere yabulauni ija yofewa imene imabwera thanki ikakhala yatsopano, koma imeneyo nthawi zambiri imatha yokha pakapita milungu ingapo, kenako tinsombato timafa ndi njala ngati mwiniwake sakutidyetsa. Inu mulibe imeneyo, musagule.

Mkulu wa Matanki:
Zinyamazo dikirani kaye milungu iwiri, mayi. Mlungu uno mukutsuka fyuluta, mukupopera peroxide, mukusintha nyale. Zimenezo zakwana. Mukachita zonse tsiku limodzi, chinachake chikalakwika simudzadziwa kuti ndi chiti. Jambulani chithunzi lero, mudzajambulenso pamalo omwewo mlungu uliwonse. Ndipo musamayang'ane masamba akale, muziyang'ana atsopano. Tsamba latsopano likatuluka n'kukhala loyera milungu iwiri, ndiye kuti mwagwira njira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kondwani:
Maso a nerite ndiye sindinawaonepo mpaka lero bambo, ngakhale ndadekha chaka chathunthu kkkk.

Mayi a Takondwa:
Ndabwereranso, papita milungu itatu. Nyale ili pa theka, maola atatu m'mawa ndi atatu madzulo. Fyuluta nditaitsegula madzi a m'chidebe anada bii, ndinadabwa kuti inkayenda bwanji. Peroxide anagwira ntchito monga munanenera a Yamikani, ndevu zinafiira tsiku lachiwiri. Koma ndinalakwitsa penapake, ndinaiwala chitsa m'beseni ndikuyankha foni, chinakhala mwina mphindi 15, ndiye masamba awiri anapsa m'mphepete, ndawadula. Anubias watulutsa tsamba limodzi latsopano, ndipo mpaka pano n'loyera. Frogbit waswana kale, ndachotsako kawiri. Vallisneria watulutsa ana atatu. Nerite ziwiri ndinaika Lachitatu. Galasi lakutsogolo layera koma lam'mbali ya zenera timadontho tikubwererabe pang'onopang'ono.

Chatsopano n'chakuti pa Java fern pamera tiulusi tobiriwira tatitali, tofewa, pafupi ndi pamwamba. Sitinalipo kale.

Nabanda:
Imeneyo ndi yosavuta poyerekeza ndi imene mwachoka nayo. Tengani mswachi wakale, muuzungulize pa ulusiwo, uzikulungika wokha. Ma Amano aja munagula?

Mayi a Takondwa:
Sindinawapeze, akuti abwera mlungu wamawa.

Yamikani:
Akafika musawathire mu thanki nthawi yomweyo, amadana ndi kusintha kwadzidzidzi kwa madzi. Aikeni m'kabeseni ndi madzi amene abwera nawo, muzidonthezeramo madzi a thanki yanu pang'onopang'ono kwa ola limodzi, kenako muwasamutse ndi ukonde. Ndipo tsiku loyamba musadabwe akasowa, amabisala.

Mkulu wa Matanki:
Mbali ya zenera ija munaitchinga ndi chiyani?

Mayi a Takondwa:
Aaa, pepani bambo. Pepala lakuda ndinagula, lidakali mu kabati.